Mafunso a Owerenga: Kodi kabungwe ka zachifundo ka mpingo kafike pati?

Makalata angapo amene talandira posachedwapa akukhudza nkhani imodzi, ya timabungwe ta zachifundo timene mipingo imakhazikitsa pofuna kuthandiza ovutika a m'dera limene muli tchalitchi chawo. Tasankhapo ena mwa makalatawo, tawafupikitsa pang'ono, ndipo maina a olemba sitinawatchule chifukwa nkhani zina zikukhudza anthu amene sadziwa kuti alembedwa.

FUNSO: Akonzi, ine ndine mlembi wa komiti ya zachifundo pampingo wathu. Tilipo ochepa, tonse ongodzipereka, ndipo ndalama zathu zimachokera ku chopereka chapadera chimene akhristu amasonkha kamodzi pamwezi. Timayendera odwala, timathandiza okalamba angapo ndi zofunika zapakhomo, komanso timagulira ana ochepa zofunika kusukulu. Tsopano m'dera lathu mwafika bungwe lalikulu lokhala ndi magalimoto ndi antchito olipidwa, ndipo zimene limagawa tsiku limodzi zikuposa zimene ife tingagawe chaka chonse. Ena m'komiti akuti tingotseka. Kodi tidakali ndi ntchito? — Mlembi wa komiti

YANKHO: Musatseke, a mlembi, ndipo sitikunena izi pongofuna kukulimbitsani mtima. Mukamayerekeza kuchuluka kwa katundu, bungwe lalikululo lidzakuposani nthawi zonse, choncho palibe chifukwa chodzivutitsira ndi mpikisano woterewu. Chimene inu muli nacho, chimene iwo sangachinyamule pagalimoto kuchokera kulikulu lawo, ndicho kudziwa anthu. Inu mumadziwa kuti gogo uja sanabwere kudzalembetsa dzina chifukwa miyendo yamukana, mumadziwa banja limene likuoneka losowa kwambiri chikhalirecho lili ndi mwana amene amatumiza ndalama mwezi ndi mwezi, ndiponso mumadziwa bambo amene ntchito inamuthera koma manyazi sakumulola kukaima pamzere. Wantchito wa bungwe lalikulu, ngakhale akhale wachifundo chotani, amafika ndi fomu, kulemba amene wawapeza tsikulo, n'kubwerera. Ntchito zambiri za mabungwe otere zimakhalanso ndi nthawi yoikika malinga ndi mgwirizano wawo ndi opereka ndalama, ndipo nthawiyo ikakwana amasamukira kwina, pamene mpingo umakhalabe pomwepo ndi anthu omwewo.

Maganizo amenewa si achilendo ayi. M'chaka cha 1819, mbusa wina wa ku Scotland, Thomas Chalmers, adapatsidwa parishi ya St John's mumzinda wa Glasgow, momwe munali anthu pafupifupi 10,000, ambiri mwa iwo osauka. Iye adagawa parishiyo m'zigawo 25, ndipo chigawo chilichonse chidapatsidwa dikoni wake, amene ntchito yake idali yodziwa makomo onse a m'chigawomo. Munthu akapempha thandizo, dikoniyo ankayamba waona ngati wopemphayo angapezeredwe ntchito, ngati achibale ake angathe kumuthandiza, ndiponso ngati anansi angachitepo kanthu, ndipo thumba la mpingo linkatsegulidwa zonsezi zikalephereka. Kunena chilungamo, Chalmers adadzudzulidwa kwambiri kuti njira yakeyo idali youma mtima, popeza mafunso ochulukawo ankachititsa kuti ena osowa zenizeni aziopa kupempha, ndipo dongosololo lidatha m'chaka cha 1837. Kuuma mtimako sitikukulangizani kuti mutengere. Chimene chidali chanzeru ndi mfundo yakuti munthu mmodzi aziyang'anira makomo ochepa amene angathe kuwadziwa bwino. Mzinda wa Elberfeld ku Germany udayambitsa dongosolo lofanana nalo m'chaka cha 1853, ngakhale kuti kumeneko lidali m'manja mwa akuluakulu a mzinda osati a mpingo, ndipo woyendera aliyense ankapatsidwa mabanja osaposa anayi. Mizinda ina yambiri idatengera njira imeneyi.

Langizo lathu ndi lakuti mupite mukakumane ndi akuluakulu a bungwe lalikululo, mukawafotokozere kuti ndinu ndani ndiponso kuti mwakhala mukuchita chiyani. Ngati ali anzeru adzakondwa kukhala ndi anthu amene angawauze kuti mndandanda wawo wasiya ndani. Koma chenjerani kuti musasanduke antchito awo osalipidwa, otanganidwa ndi kutsitsa katundu ndi kulemba maina mpaka kuiwala zimene munali kuchita. Pali ntchito zimene palibe bungwe lalikulu limene lingaziike m'ndondomeko yake ya chuma, monga kukhala ndi wodwala madzulo kuti womusamalira apumeko, kuperekeza wokalamba kuchipatala ndi kudikira naye mpaka aonane ndi dokotala, kuwerengera munthu kalata ya boma imene sakuimvetsa, kapena kubwerera kunyumba ya namfedwa patapita miyezi itatu, anthu onse atasiya kupitako. Zimenezi sizifuna ndalama zambiri, koma zimafuna munthu wokhala pafupi amene adzabweranso sabata yamawa.

FUNSO: Ndine mkulu wa mpingo, ndipo pakati pathu pabuka mkangano. Ena akuti popeza ndalama zimachokera kwa akhristu athu, thandizo lipite kwa a mpingo wathu okha. Ena akuti aliyense wovutika m'dera lathu athandizidwe. Palinso m'bale wina amene akuti tithandize onse, koma amene walandira azibwera kutchalitchi. Tichite ziti? — Mkulu wa mpingo

YANKHO: Bambo, mbali ziwiri zoyambazo zonse zili ndi pogwira, ndipo zonse zikupezeka m'vesi limodzi. Pa Agalatiya 6:10, Paulo akulangiza kuti tichitire zabwino anthu onse, makamaka a banja la chikhulupiriro. Amene akufuna kuthandiza a mpingo okha amawerenga mbali yachiwiri yokha, ndipo amene safuna kumva za kusamala abale amawerenga yoyamba yokha. Mpingo umene ukugawa thandizo kunja pomwe mkazi wamasiye amene wakhala akuimba m'kwaya zaka zambiri akugona ndi njala uli ndi mlandu, koma mpingo umene umafunsa kaye khadi la umembala usanathandize wodwala wa khomo loyandikana ndi tchalitchi ulinso ndi mlandu wake.

Mbiri ya mpingo woyamba ikutithandiza pamenepa. Justin Martyr, mlembi wachikhristu wa nthawiyo, polemba cha m'chaka cha 150, adafotokoza kuti akhristu akasonkhana Lamulungu ankapereka monga aliyense wafunira, ndipo wotsogolera ankagwiritsa ntchito zoperekazo posamala ana amasiye, akazi amasiye, odwala, akaidi ndi alendo. Kalata ya bishopu Cornelius ya m'chaka cha 251 ikusonyeza kuti mpingo wa ku Roma unkasamala akazi amasiye ndi ovutika ena oposa 1,500. Koma umboni wamphamvu udachokera kwa mdani wa mpingo. Mfumu ya Aroma, Julian, amene adasiya chikhristu n'kuyesa kubwezeretsa chipembedzo cha milungu yakale, adalembera mkulu wa ansembe ake ku Galatiya m'chaka cha 362, kudandaula kuti akhristu akudyetsa osauka awo pamodzi ndi osauka a chipembedzo chake, pamene anthu ake sakuchitapo kanthu. Zikuoneka kuti chimene chidamupweteka mtima si kusamala kwa akhristu pa abale awo, popeza magulu ambiri amachita zimenezo, koma kudumpha malire kwawoko.

Pofuna kuthetsa mkangano wanu, mukhoza kukhala ndi matumba awiri odziwika bwino, lina losamalira abale a mumpingo ndi lina la ntchito za m'dera, ndipo wopereka aliyense azidziwa kumene ndalama yake ikupita. Ngati kabungwe kanu kadauza anthu kapena boma kuti kamathandiza ovutika a m'dera, ndiye kuti kayenera kutero popanda kufunsa chipembedzo, chifukwa kuchita mosiyana ndi zimenezi ndi kunamiza anthu. Lembaninso papepala zimene mumayang'ana posankha wolandira thandizo, kuti pasakhale wonena kuti amene athandizidwa ndi achibale a m'komiti. Vuto la kukondera lidabukapo kale ku Yerusalemu, monga tikuwerengera pa Machitidwe a Atumwi 6, pamene akhristu olankhula Chigiriki adadandaula kuti akazi awo amasiye akusiyidwa pa kugawa kwa tsiku ndi tsiku. Atumwi sadakane dandaulolo, koma adauza mpingo kuti usankhe amuna asanu ndi awiri oyang'anira ntchitoyo, ndipo n'zochititsa chidwi kuti onse osankhidwawo adali ndi maina a Chigiriki.

Za m'bale amene akufuna kuti olandira azibwera kutchalitchi, yankho lathu ndi lakuti ayi. Munthu wanjala adzavomera chilichonse chimene mungamuuze, ndipo mudzadzaza mabenchi ndi anthu amene mitima yawo ili pa zimene mugawe mapemphero akatha. Kuitana munthu kutchalitchi kapena kumupempherera akavomera si kulakwa, koma iye adziwe kuti ngakhale akane, thandizo lake silichotsedwa.

FUNSO: Kabungwe kathu kakhala kakugwira ntchito m'dera lozungulira tchalitchi chathu kwa zaka zingapo, ndipo anthu akukayamikira. Tsopano mapempho akuchokera kumadera akutali, ndipo pali munthu wina wachuma amene walonjeza ndalama zambiri ngati titafalikira kumadera amenewo. Abusa akondwa nazo, koma ine ndili ndi nkhawa. Kodi ndikulepheretsa ntchito ya Mulungu? — Wapampando wa komiti

YANKHO: Nkhawa yanu ndi yomveka, a wapampando, ndipo ife tikuona kuti ndi nkhawa ya munthu amene akuidziwa ntchitoyi. Malire a kabungwe konga kanu sayenera kuikidwa ndi kuchuluka kwa ndalama, koma ndi funso ili: kodi munthu amene tamuthandiza lero tingathe kubwerera kukamuona mwezi uno popanda kubwereka galimoto? Kumene yankho ndi inde, kumeneko ndi dera lanu. Kumene yankho ndi ayi, mudzakhala mukuchita zomwe zija mabungwe aakulu amachita, zongofika, kugawa ndi kubwerera, koma mukuzichita mopanda luso lawo, mopanda antchito awo, ndiponso mutataya chinthu chimene chinkakusiyanitsani ndi iwo.

Pali njira ina yokulira, ndipo chitsanzo chake chabwino ndi bungwe la St Vincent de Paul. Lidayambika mumzinda wa Paris m'chaka cha 1833, pamene Frédéric Ozanam, wophunzira wa zaka 20, pamodzi ndi anzake ochepa adayamba kuyendera mabanja osauka m'nyumba zawo, motsogozedwa ndi sisitere Rosalie Rendu amene ankalidziwa bwino dera la Mouffetard. Gululo litakula, mamembala ake adakambirana kwambiri za kuligawa, popeza ena ankaopa kuti kugawikana kudzathetsa ubwenzi wawo, koma pamapeto pake adaligawa m'timagulu. Lero bungweli likupezeka m'maiko pafupifupi 150, komabe maziko ake akadali kagulu kakang'ono ka paparishi kamene mamembala ake amayendera anthu a m'dera lawo lomwelo, kawirikawiri awiriawiri. Lidafika kutali pochulukitsa timagulu, osati potambasula kagulu kamodzi. Papa Pius XI adafotokoza mfundo yofanana nayo m'chaka cha 1931, yakuti chimene gulu laling'ono ndi lapafupi lingathe kuchita bwino chisalandidwe ndi gulu lalikulu, ndipo mfundoyi ikukhudzani inunso tsiku limene mudzakhala gulu lalikulu kwa anthu a kumadera akutaliwo.

Choncho funsani kuti kumadera amenewo kuli mipingo iti, ngakhale ikhale ya chipembedzo china cha chikhristu, ndipo ngati kuli anthu atatu kapena anayi ofunitsitsa, aphunzitseni mmene mumachitira, muwathandize kuyamba, kenako muwasiye ayendetse okha. Munthu wachumayo mumufotokozere zimenezi mosabisa. Ngati cholinga chake ndi kuthandiza ovutika, adzavomera kuti ndalama zake zigwire ntchito motero. Ngati akufuna kuti dzina la kabungwe kanu, kapena lake, lilembedwe pazikwangwani m'madera ambiri, mudzadziwa msanga, ndipo ndi bwino kudziwa musanalandire ndalamayo. Akuluakulu adati walira mvula walira matope: ndalama zambiri zimabwera ndi malipoti, maulendo, mafuta a galimoto, ndi mikangano ya amene ayenera kulandira kangachepe pa ntchito imene poyamba onse ankaigwira mwaulere. Funsaninso kuti thandizolo ndi la zaka zingati, chifukwa mwana amene mwayamba kumulipirira sukulu simungamusiye pakati chifukwa chakuti wopereka wasintha maganizo.

FUNSO: Ndangosankhidwa kumene kukhala msungichuma. Ndapeza kuti ndalama za zachifundo zimasungidwa pamodzi ndi za mpingo, ndipo nthawi zina zimabwerekedwa pakafunika kukonza tchalitchi. Ndikafunsa, ena amati ndikukayikira atumiki a Mulungu. — Msungichuma watsopano

YANKHO: Mayi, pitirizani kufunsa, koma mwaulemu. Ndalama imene munthu wapereka kuti ithandize osauka si ya denga la tchalitchi, ngakhale dengalo likudontha, ndipo zimene zimatchedwa kubwereka m'nkhani zotere kawirikawiri sizibwezedwa. Kwa amene akuti mukukayikira atumiki, awerengereni 2 Akorinto 8, pamene Paulo, potenga zopereka zothandizira osauka a ku Yerusalemu, adaonetsetsa kuti pakhale abale osankhidwa ndi mipingo oyenda nazo limodzi, kuti pasapezeke womunenera zoipa pa kayendetsedwe ka mphatsoyo. Ngati mtumwi adafuna mboni, palibe mbusa kapena mkulu wa mpingo amene anganyozeke chifukwa chofunsidwa lisiti.

Zofunika kuchita si zovuta. Chopereka chiziwerengedwa ndi anthu awiri amene si apachibale, ndipo onse asaine m'buku tsiku lomwelo. Kabungwe kakhale ndi akaunti yakeyake kubanki imene ndalama sizingatuluke popanda anthu awiri kusaina. Chilichonse chogulidwa chikhale ndi lisiti, ndipo kamodzi pachaka munthu wodziwa za chuma amene sali m'komiti aone mabuku, kenako lipoti liwerengedwe pamaso pa mpingo wonse, lonena ndalama zimene zalowa, zimene zatuluka ndi chiwerengero cha mabanja amene athandizidwa, popanda kutchula maina awo. Malamulo olembetsera mabungwe m'kaundula wa boma amasiyana dziko ndi dziko. Mwachitsanzo, ku England ndi Wales bungwe lachifundo limene limapeza ndalama zoposa £5,000 pachaka limayenera kulembetsa ku Charity Commission, ofesi ya boma yoyang'anira mabungwe achifundo, kupatula magulu ena amene lamulo lidawapatula, pamene maiko ena ali ndi njira zawo. Kafunseni ku ofesi yoyenera m'dziko lanu komanso kulikulu la mpingo wanu, popeza nthawi zambiri kabungwe kotere kamatha kugwira ntchito pansi pa kulembetsa kwa mpingo wonse.

FUNSO: M'dera lathu muli ana amasiye ambiri. Tikuganiza zomanga nyumba yosungiramo ana pamalo a tchalitchi. Mungatilangize zotani? — Mtsogoleri wa amayi

YANKHO: Tikulangizani kuti musamange, mayi, ngakhale tikudziwa kuti maganizowo akuchokera mumtima wachifundo. Ambiri akamaganiza za ntchitoyi amakumbukira George Müller, amene adayamba kusunga ana amasiye mumzinda wa Bristol m'chaka cha 1836 ndipo pa moyo wake adasamala ana oposa 10,000. Ntchito yake idali yaikulu pa nthawi imene ana oterewa ankathera m'misewu kapena m'nyumba za boma zosungiramo osauka. Koma kuchokera nthawi imeneyo zadziwika kuti mwana, makamaka wamng'ono, amakula bwino m'banja momwe muli munthu mmodzi womudziwa ndi kumukonda kusiyana ndi m'nyumba momwe osamalira amasinthana. Zadziwikanso kuti ana ambiri amene ali m'nyumba zotere ali ndi kholo limodzi lamoyo kapena achibale, ndipo chimene chidawapititsa kumeneko ndi umphawi. Malangizo a bungwe la United Nations a m'chaka cha 2009 okhudza kasamalidwe ka ana amene sali ndi makolo awo amanena kuti umphawi pawokha usakhale chifukwa chochotsera mwana m'banja, ndiponso kuti ana osakwana zaka zitatu asamalidwe m'mabanja.

Nyumba yosungiramo ana imafuna chilolezo cha boma, antchito a usana ndi usiku, ndi ndalama zosadukiza kwa zaka zambiri, ndipo ikangotsegulidwa imakoka ngakhale ana amene akadakhala bwinobwino kwa agogo awo. Ndalama zomangira ndi zoyendetsera nyumba imodzi zingathandize mabanja ochuluka amene akulera kale anawo. Pezani agogo, azakhali ndi amalume amene atenga ana, muwathandize ndi zofunika kusukulu ndi kuchipatala, ndipo muziwayendera kuti muone ngati mwanayo akupita kusukulu ndiponso ngati sakuzunzidwa. Poyendera ana muzikhala awiri nthawi zonse, munthu wamkulu asatsale yekha ndi mwana m'chipinda, ndipo mukaona zizindikiro za nkhanza mukanene kwa a boma oona za ana kapena kupolisi, osati kungokambirana m'komiti poteteza mbiri ya mpingo.

FUNSO: Achinyamata athu amajambula zithunzi tikamagawa zinthu n'kuziika pa Facebook. Akuti zimakopa opereka. Ine sizindisangalatsa. — Dikoni

YANKHO: Nafenso sizitisangalatsa. M'dera laling'ono aliyense amadziwa nkhope ya mnzake, ndipo chithunzi cha mayi akulandira thandizo chimaonedwa ndi anansi ake, apongozi ake ndi anzake a mwana wake kusukulu. Zotsatira zake n'zakuti amene ali ndi manyazi, omwe nthawi zambiri ndiwo ovutikitsitsa, amasiya kubwera. Kupempha chilolezo sikuthetsa vutoli kwenikweni, chifukwa munthu amene watambasula manja kuti alandire sangakane. Achinyamatawo ajambule ongodzipereka akugwira ntchito, katundu asanagawidwe, kapena nyumba imene yakonzedwa mwini wake atavomera tsiku lina, koma nkhope za olandira, makamaka ana, zisaoneke. Pa Mateyu 6 Ambuye adachenjeza za kuliza lipenga popereka zachifundo, ndipo opereka oona mtima amakhutira ndi lipoti lomveka bwino la chuma.

FUNSO: Tinayamba tili ambiri, koma tsopano ntchito yonse yatsalira anthu atatu, ndipo mayi amene anayambitsa kabungweka akukalamba. Zonse zili m'mutu mwawo, maina a mabanja, amene amatithandiza, ngakhale kumene kuli makiyi. Tikalengeza m'tchalitchi kuti tikufuna ongodzipereka, palibe amene amabwera. — Membala wa komiti

YANKHO: Timabungwe tambiri ta mipingo sitifa chifukwa cha kusowa ndalama kapena kubedwa, koma chifukwa cha zimene mwafotokozazi. Kulengeza kuguwa sikubweretsa anthu chifukwa womva aliyense amaganiza kuti akunena wina, ndiponso amaopa kuti akangolowa ndiye kuti watenga katundu wa moyo wake wonse, monga akuonera pa atatu inu. Munthu amavomera akafikiridwa payekha ndi kupemphedwa ntchito yodziwika kukula kwake ndi mathero ake, monga kuyendera makomo awiri oyandikana ndi kwawo kwa miyezi isanu ndi umodzi.

Mpingo wa Methodist udapeza njira imeneyi mosayembekezera. M'chaka cha 1742, otsatira a John Wesley, woyambitsa mpingowo, ku Bristol adali ndi ngongole ya nyumba yawo yosonkhaniramo, ndipo mmodzi wa iwo, Captain Foy, adapereka maganizo akuti membala aliyense azipereka kandalama kamodzi pasabata. Atauzidwa kuti ena ndi osauka kwambiri, adapempha kuti apatsidwe anthu 11 osaukitsitsa, kuti aziwayendera sabata iliyonse ndi kulipira m'malo mwa amene alephera. Ena adachita chimodzimodzi, ndipo gulu lonse lidagawidwa m'timagulu ta anthu pafupifupi 12. Posakhalitsa Wesley adazindikira kuti oyenderawo akubwera ndi zoposa ndalama, popeza ankadziwa amene akudwala, amene ali pa mavuto ndi amene akubwerera m'mbuyo, ndipo timaguluto tidasanduka msana wa mpingo wonsewo. Ntchito idatheka chifukwa palibe amene adapatsidwa anthu ochuluka kuposa amene angawayendere pa sabata imodzi.

Za mayi woyambitsayo, muwafikire mwaulemu waukulu, chifukwa munthu amene wapereka zaka zake ku ntchito amamva ngati akuchotsedwa ngakhale pamene mukungofuna kumupeputsa. Musayambe ndi nkhani ya udindo. Apempheni kuti mmodzi wa achinyamata aziyenda nawo pa maulendo awo, kuti mabanjawo amuzolowere, ndipo madzulo ake azikhala pansi kulemba m'buku zimene mayiwo akudziwa za khomo lililonse, buku limene lizisungidwa motsekera ndi kuonedwa ndi a komiti okha. Pamsonkhano wapachaka wotsatira, mpingo ugwirizane kuti maudindo onse a m'komiti azikhala a zaka zitatu, ndipo lamulolo liyambire pa onse nthawi imodzi kuti lisaoneke ngati lapangidwira munthu mmodzi. Mayiwo akhoza kukhalabe mlangizi wa komiti ndi kupitiriza kuyendera makomo ochepa amene ali pafupi ndi kwawo, pamene makiyi, mabuku ndi kusaina kubanki zapita kwa ena.